Kubwereka pochotsera: mwana adziwa bwanji kuti apa mpofunika kumasula khumi?

Tsiku lina madzulo ndili pakhonde kwathu ku Kapata, m'tauni ya Chipata kuno ku Zambia, mwana wanga wamkazi wa Giredi 3 anandibweretsera kope lake la masamu, nkhope ili ndwii. Aphunzitsi anali atamuthetha samu iyi: 52 kuchotsapo 28. Iye analemba 36.

"Atate, ndalakwa pati? 8 kuchotsa 2 ndi 6. 5 kuchotsa 2 ndi 3. Si 36 ameneyo?"

Sindinamuyankhe. Ndinapisa m'thumba n'kuyala patebulo ma K10 asanu ndi makobiri awiri a K1, kenaka ndinati andipatse K28 kuchokera pamenepo. Anakankhira kwa ine ma K10 awiri, n'kuyang'ana makobiri awiri aja kwa kanthawi. "Sizikwana. Mundisinthireko teni imodzi." Palibe anamuuza zimenezo. Nditamupatsa makobiri 10 m'malo mwa pepala limodzi, anawerenga 8 n'kundipatsa, ndipo patebulo panatsala K24.

Mwana yemweyo, samu yomweyo: pa ndalama wakhoza, pa kope walakwa. Makolo ambiri tikaona chonchi timati mwana ndi waulesi kapena mutu wake ndi wouma, ena timaloza chala aphunzitsi. Koma pakati pa tebulo ndi kope pali kanthu kamodzi kamene kamatayika, ndipo ndi kameneko ndikufuna kufotokoza: chimene timachita tikamati "tikubwereka", ndi mmene mwana angadziwire kuti samu iyi ikufuna kubwereka pamene inzake sikufuna.

Nambala imalemera malinga ndi pamene yakhala

Mu 52 muli zizindikiro ziwiri, koma 5 amene ali mmenemo si 5 wamba. Wakhala m'chipinda chachiwiri kuchokera kumanja, ndiye akuimira makumi asanu. M'kalasi zipinda zimenezi amazitcha mawani, mateni ndi mahandiredi. Lamulo lake ndi limodzi lokha: zinthu khumi za m'chipinda chimodzi zimafanana ndi chinthu chimodzi cha m'chipinda choyandikana nacho kumanzere. Mawani khumi ndi teni mmodzi, mateni khumi ndi handiredi mmodzi, mpaka m'tsogolo.

Kalembedwe kameneka kanachokera ku India. M'chaka cha 628 katswiri wa kumeneko, Brahmagupta, analemba malamulo owerengera ziro ngati nambala. Cha m'ma 825 al-Khwarizmi, amene ankagwira ntchito ku Baghdad, analemba buku lofotokoza mawerengedwe a Amwenyewa, ndipo dzina lake ndilo linabala mawu akuti algorithm amene lero timawamva pa nkhani za makompyuta. Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, anaphunzira manambalawa ali mnyamata ku Bugia, doko la m'dziko limene lero ndi Algeria, n'kuwafalitsa ku Ulaya ndi buku lake la mu 1202. Ngakhale zinatero, azungu anakakamirabe manambala a Chiroma kwa zaka mazana angapo. Ndimakumbukira zimenezi ndikayamba kupsa mtima ndi mwana wa zaka 8 amene wangotha sabata zitatu asanamvetse.

Chinenero chathu chimanena lamuloli poyera. "Makumi asanu ndi ziwiri" akukuuza kale kuti pali mitolo isanu ndi tiwiri tapadera. Kungoti ndani amawerenga choncho masiku ano? Pa Saturday Market tonse timati "fifite-thuu", ndipo m'mawu amenewo mwana samvamo khumi. Chingelezi chimabisanso kwambiri pa 11 ndi 12, pamene ife timati khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri.

Chimene chatithandiza mosayembekezera ndi ndalama. Kuyambira mu Januwale 2013, pamene kwacha anaichotsa maziro atatu, K1, K10 ndi K100 zimagwirizana ndendende ndi zipinda zitatu za pa bolodi. Kholo lililonse limene lili ndi chenji m'thumba lili ndi zida zophunzitsira.

"Kubwereka" ndi kusintha ndalama

Pochotsera timayambira kumanja. Mu 52 kuchotsa 28, chipinda cha mawani chili ndi 2, ndipo akufuna 8. Sizikwana. Ndiye timatenga teni mmodzi pa asanu aja, kutsala 4, n'kumumasula kukhala mawani khumi. Mawani akhala 12. Tsopano 12 kuchotsa 8 ndi 4, ndipo 4 kuchotsa 2 ndi 2. Yankho ndi 24.

Chofunika kuchigwira apa n'chakuti nambala ya pamwamba sinasinthe. Mateni 5 ndi mawani 2 ndi 52. Mateni 4 ndi mawani 12 ndi 52 yemweyo. Mayi wogulitsa tomato akapita kwa mnzake wa benchi lina kukasintha K10 kuti apeze makobiri, sabwerako wolemera kapena wosauka. Ndalama ndi yomweyo, yangosintha maonekedwe kuti itheke kugawika.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri a maphunziro sakondwa ndi mawu akuti kubwereka. Chobwereka chimabwezedwa, koma apa palibe chimene timabweza. Komanso munthu amabwereka kwa wina, pamene 5 ndi 2 a mu 52 si anthu awiri oyandikana nyumba, ndi thumba limodzi. Mabuku ambiri a Chingelezi anasiya mawu akuti borrow n'kuyamba kulemba regroup, kutanthauza kusanja zinthu m'magulu mwatsopano, ndipo ena amati exchange, kusinthanitsa. Kholo likaona mawu amenewa pa homuweki lisaganize kuti masamu asintha. Ndi kubwereka komwe kuja, kwangopatsidwa dzina lina.

Liping Ma, mphunzitsi wa ku China amene anakachita kafukufuku ku America, anayerekeza mayankho a aphunzitsi 72 a kwawo ndi 23 a ku America pa mmene angaphunzitsire samu za mtundu uwu. M'buku lake la mu 1999 anaonetsa kuti ambiri mwa a ku America ankanena za ndondomeko ya kubwereka, pamene ambiri mwa a ku China ankanena za kuphwanya chinthu cha m'chipinda chachikulu kukhala tizinthu khumi ta m'chipinda chaching'ono. Komabe pali aphunzitsi odziwa ntchito amene amati dzina si kanthu: ana akhala akukhoza masamu ndi mawu akuti kubwereka kwa mibadwo yambiri, bola wophunzitsa aonetse chimene chikuchitika. Ine m'nkhani ino ndizinena kuti kumasula, chifukwa aliyense amene anamasulapo mtolo wa nkhuni amadziwa kuti nkhuni sizichuluka mtolo ukamasulidwa.

Funso limene mwana ayenera kudzifunsa pa chipinda chilichonse

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana akafika pa chipinda, asanalembe kanthu, adzifunse: zimene ndili nazo pamwambapa zikukwana kuperekapo zimene zili pansizi? Ngati nambala ya pamwamba ndi yaikulu, zikukwana, achotse. Ngati ziwirizo n'zofanana, zikukwanabe, patsala 0. Ngati ya pamwamba ndi yaing'ono, sizikwana, amasule chimodzi cha kumanzere.

Zikuoneka zophweka, koma ana amaterereka m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi chifukwa chake.

Yoyamba ndi ya mwana wanga ija: kutembenuza. Mwana waona 2 pamwamba, 8 pansi, n'kuchotsa wamng'ono pa wamkulu mosasamala kuti ali pati. Si uchitsiru. Kuyambira Giredi 1 wakhala akuuzidwa kuti wamkulu sachotsedwa pa wamng'ono, ndiye akumvera lamulo limene anapatsidwa. Mu 1978 akatswiri a ku America John Seely Brown ndi Richard Burton anasanthula mayankho olakwa a ana ambirimbiri pa samu zochotsera, n'kupeza kuti zolakwa zambiri sizichitika mwangozi. Mwana amatsata ndondomeko yake mokhulupirika, kungoti ndondomekoyo ili ndi polumala pamodzi, monga pulogalamu ya kompyuta yolembedwa molakwika mzere umodzi. Kutembenuzaku ndi chimodzi mwa zolakwa zodziwika kwambiri zimene anazifotokoza. Phindu la kudziwa zimenezi n'lakuti ukaona samu zisanu zothethedwa, usawerenge zolakwa zisanu. Mwina cholakwa n'chimodzi, chabwerezedwa kasanu. Mufunse mwanayo kuti akuonetse mmene wachitira, pang'onopang'ono, akulankhula.

Yachiwiri imabwera mwana atangophunzira kumasula: amamasula paliponse. Mupatse 57 kuchotsa 23, akhwatcha 5 n'kulemba 4, asandutsa 7 kukhala 17, apeza 14 ku mawani ndi 2 ku mateni, n'kulemba 214. Chochititsa chidwi n'chakuti sanataye kanthu: mateni 2 ndi mawani 14 ndi 34, yankho lenileni. Wangomasula mtolo popanda chifukwa n'kuiwala kuumanganso. Kawirikawiri zimenezi zimachokera ku tsamba la buku limene samu zake zonse 20 ndi zomasula. Pofika pa samu yachitatu mwana wasiya kufunsa, dzanja likungoyenda lokha. Mankhwala ake ndi kusakaniza: samu zofuna kumasula ndi zosafuna zikhale pa tsamba limodzi. Aphunzitsi ena amachita bwino koposa apa. Amalemba samu khumi pa bolodi n'kunena kuti lero palibe kupeza yankho, mungozunguliza zimene zikufuna kumasula n'kundiuza chifukwa. Ntchito yotere imalekanitsa luso la kuona ndi luso la kuwerengera, ndipo mphunzitsi amadziwa msanga kuti mwana wakanirira pati.

Yachitatu ndi yobisika, ndipo imakola ngakhale ana akhama. Taonani 345 kuchotsa 148. Mwana wochenjera ayang'ana samu yonse kaye: ku mawani 5 ndi 8, sizikwana, ku mateni 4 ndi 4, zikwana, ku mahandiredi 3 ndi 1, zikwana. Aganiza kuti amasula kamodzi. Koma akangomasula teni mmodzi kuti mawani akhale 15, ku mateni kwatsala 3, ndipo 3 sakwana kuperekapo 4. Ayenera kumasulanso handiredi: mateni akhala 13, mahandiredi atsala 2. Ndiye 15 kuchotsa 8 ndi 7, 13 kuchotsa 4 ndi 9, 2 kuchotsa 1 ndi 1. Yankho ndi 197. Funso lija silifunsidwa kamodzi poyamba. Limafunsidwa pofika pa chipinda chilichonse, poyang'ana zimene zatsalamo panthawiyo. N'chifukwa chake kukhwatcha nambala yakale n'kulemba yatsopano pamwamba pake si uve wa m'kope, monga ankatiuzira ena. Ndi chikumbutso.

Pali mawu amodzi amene ndimapempha makolo anzanga kuti tiwasiye: "2 kuchotsa 8 sizitheka." Zimatheka. M'magiredi a m'tsogolo mwana yemweyo adzaphunzira manambala a pansi pa ziro, ndipo aliyense amene analembedwapo m'buku la ngongole pa kantemba amadziwa kuti munthu wa K2 akhoza kutenga katundu wa K8 n'kutsala ndi ngongole ya K6. Mawu oona ndi amene mwana wanga ananena yekha: sizikwana.

Ndipo pali njira ziwiri zoti mwana adzigwire yekha. Asanayambe, ayerekeze: 52 ali pafupi ndi 50, 28 ali pafupi ndi 30, ndiye yankho likhala cha m'ma 20, osati 36, osatinso 214. Akamaliza, aphatikize yankho ndi nambala imene wachotsa. 36 kuphatikiza 28 ndi 64, si 52. Chinachake chalakwika, ndipo wachiona yekha cholembera chofiira chisanafike.

Ziro pakati

Samu imene imaliritsa ana ndi yonga 402 kuchotsa 175. Ku mawani 2 sakwana 5. Mwana apita ku mateni kukamasula, apeza 0. Ena amalumpha ziroyo, n'kutenga ku 4, n'kupereka khumi ku mawani mwachindunji, ngati kuti handiredi ndi mawani khumi. Ziro uja akamusiya momwemo n'kutembenuza 0 ndi 7, apeza 277. Ena amasandutsa 0 kukhala 10 n'kuiwala kuchotsapo teni amene wapita ku mawani, apeza 237. Yankho ndi 227.

Pa ndalama vutoli limatha lokha. Uli ndi ma K100 anayi ndi makobiri awiri, ulibe K10 ngakhale imodzi. Usintha K100 imodzi, akupatsa ma K10 khumi. Pa khumiwo usintha imodzi, akupatsa makobiri khumi. Tsopano uli ndi ma K100 atatu, ma K10 asanu ndi anayi, ndi makobiri 12. Ndi kumene amachokera 9 amene ana amalemba pamwamba pa ziro osadziwa chifukwa: anali 10, mmodzi wapita.

Njira ina yachidule ndi kuwerenga 402 ngati mateni 40 ndi mawani 2. Ukamasula teni mmodzi pa 40 patsala 39, ndipo 3 ndi 9 aja atulukira nthawi imodzi. Ana ena amaikonda kuposa kumasula kawiri, ena imawasokoneza.

Njira ya akuluakulu

Mikangano yambiri ya pa homuweki imayamba agogo kapena amalume akafuna kuthandiza. Amalume anga, amene anaphunzira nthawi ya atsamunda, anaona mwana akukhwatcha 5 n'kufunsa, "Iwe, ukuwonongeranji nambala? Bwereka pamwamba, ubweze pansi." Iwo amachita chonchi: 2 akhala 12, kuchotsa 8 ndi 4. Kenaka 5 wa pamwamba samukhudza, koma 2 wa pansi amamukweza kukhala 3. 5 kuchotsa 3 ndi 2. Yankho ndi 24 yemweyo. Mwanayo anandiyang'ana ngati waona matsenga.

Si matsenga, ndipo si kulakwa. Njira imeneyi inali yofala m'masukulu a ku Britain ndi ku America kalelo, ndipo mawu akuti kubwereka amamveka bwino mu iyoyo, popeza muli kubweza. Chimene amalume achita ndi kuwonjezera khumi ku nambala zonse ziwiri: pamwamba ngati mawani khumi, pansi ngati teni mmodzi. Samu yasanduka 62 kuchotsa 38, ndipo kusiyana kwake sikunasinthe. Zili ngati mkulu ndi mng'ono wake osiyana zaka 24: pakapita zaka khumi onse akula, koma akusiyanabe zaka 24.

Ubwino wake umaonekera pa maziro. Mu 402 kuchotsa 175 palibe kuyenda ulendo wokasaka chomasula, chipinda chilichonse chimathana ndi choyandikana nacho basi. Kuipa kwake n'kwakuti n'kovuta kuionetsa ndi timitengo kapena ndalama, chifukwa mwana amafunsa kuti khumi lachokera kuti. Mu 1949 William Brownell ndi Harold Moser anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana a Giredi 3 ku America. Ana ena anaphunzitsidwa njira yomasula, ena njira yobweza pansi, ndipo pa njira iliyonse ena anafotokozeredwa chifukwa chake pamene ena anangoloweza. Amene anaphunzira kumasula mofotokozeredwa ndiwo anamvetsa bwino ndi kutha kugwiritsa nzeruyo pa samu zimene sanazionepo. Njira yomasula ndi imene ili m'mabuku ambiri lero. Funso loti zikukwana kapena ayi ndi limodzimodzi m'njira zonse ziwiri. Choopsa ndi kusakaniza: mwana akakhwatcha pamwamba monga aphunzitsi, n'kubwezanso pansi monga amalume, wachotsa khumi kawiri, apeza 14.

Pamene kumasula sikufunika n'komwe

Imani pa msika wa Kapata muone mmene chenji chimaperekedwera. Wagula zinthu za K67, wapereka K100. Mayi wogulitsa salemba 100 pamwamba ndi 67 pansi. Amakuika m'manja K3 n'kunena "sevente", kenaka K30 n'kunena "handiredi". Chenji ndi K33. Wachotsera mwa kuwonjezera, kuchoka pa mtengo kukwera mpaka pa ndalama imene wapatsidwa. Anyamata a njinga zonyamula anthu amachitanso chimodzimodzi, ali pa chishalo, ena a iwo sukulu anailekera panjira.

Choncho kudziwa nthawi yomasula kuli ndi mbali ina: kudziwa pamene ndondomeko yonseyo ili yotaya nthawi. Mwana amene akulemba 1000 kuchotsa 998 m'zipinda, n'kukhwatcha maziro atatu, akuvutika ndi chinthu chimene akanangochiona: kuchoka pa 998 kufika pa 1000 ndi masitepe awiri. Pa 52 kuchotsa 28, onjeza 2 mbali zonse, ikhala 54 kuchotsa 30, ndipo 24 watuluka popanda kumasula. Pa 500 kuchotsa 236, chotsa pa 499 kaye, upeza 263, n'kubwezerapo 1 uja, 264. Ndinaonaponso mwana akuti: 50 kuchotsa 20 ndi 30, koma ku mawani kwaperewera 6, ndiye 30 kuchotsa 6 ndi 24. Palibe cholakwika pamenepo.

Akatswiri amagawanika pa nkhaniyi. Constance Kamii, amene anaphunzira kwa Jean Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana, ankanena kuti kuphunzitsa ana aang'ono ndondomeko yolemba m'zipinda kumawawononga, chifukwa amasiya kuona nambala yathunthu n'kumangoona zizindikiro zoima pachokha. Iye ankafuna kuti ana ayambe apeza njira zawo. Ena amayankha kuti njira za pamsika zimayenda bwino pa manambala aang'ono kapena oyandikana, koma ukapatsidwa 70,314 kuchotsa 28,657 umafuna ndondomeko imene sikhumudwitsa, ndipo mwana amene sanaizolowere adzavutika pa kugawa kwakutali ndi pa madesimo. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo aphunzitsi ambiri amene ndimacheza nawo amachita zonse ziwiri malinga ndi nthawi imene ali nayo.

Si nthawi zonse mtolo uli wa khumi

Basi yanyamuka 06:45 n'kufika 09:20. Yayenda nthawi yaitali bwanji? Mwana woloweza amasula monga mwa masiku onse n'kupeza 275. Koma ola lili ndi mphindi 60, osati 100. Ukamasula ola limodzi, 9 akhala 8 ndipo mphindi zikhala 80. Ulendowo ndi wa maola 2 ndi mphindi 35. Agogo athu ankazidziwa bwino zimenezi, chifukwa kwacha ndi ngwee zisanabwere mu 1968 ankawerenga mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 pa sheleni, masheleni 20 pa paundi. Samu imodzi inkafuna kumasula mitolo ya misinkhu iwiri. Samu ya nthawi ndi muyeso wabwino woonera ngati mwana wamvetsa kapena wangoloweza "kuika 1 kutsogolo".

M'makalasi mwathu muno

Amene ali ndi ana m'masukulu a boma kuno kum'mawa mwina anawaonapo akutola timitengo kapena mapesi n'kumamanga khumikhumi ndi mphira kapena luzi. Zambiri mwa izo n'za pulogalamu ya Catch Up, imene unduna wa maphunziro unayamba kuyesa mu 2016 m'masukulu ena a chigawo chino ndi cha kum'mwera, potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amaikidwa m'magulu malinga ndi zimene akudziwa, osati kalasi imene ali, ndipo pa masamu amagwiritsa ntchito mitolo ndi timitengo. Mwana akafuna kuchotsa 8 ali ndi timitengo tiwiri, dzanja lake lomwe limapita kukamasula mtolo. Maganizo ake ndi akale: katswiri wa maphunziro Jerome Bruner m'zaka za m'ma 1960 ankaphunzitsa kuti mwana ayambe ndi chinthu chogwirika, apite pa chithunzi, amalizire pa zizindikiro.

Pamene pamavuta ndi pa mlatho wochoka pa timitengo kupita pa kope. Mwana akhoza kukhoza ndi mitolo Lolemba n'kulemba 36 Lachiwiri, monga anachitira wanga ndi ndalama. Chimene ndaona chikuthandiza ndi kuchita ziwirizo nthawi imodzi: akamasula mtolo, pomwepo akhwatche 5 n'kulemba 4, akaphatikiza timitengo, pomwepo alembe 12. Koma zimenezo zimafuna maso a mphunzitsi pa mwana aliyense, ndipo kuchokera mu Januwale 2022, pamene maphunziro aulere anayamba, makalasi ambiri adzaza kwambiri.

Zimene sizinathe

Mafunso angapo akadali poyera. Loyamba ndi la nthawi: ndondomeko yolemba iyambe mwana akangodziwa mateni ndi mawani, kapena adikire mpaka atazolowera kuchotsera pamtima? Kufulumira kumabala oloweza, kuchedwa kumasiya ena asanakonzeke pofika mayeso omaliza pulayimale, ndipo mayiko amasiyana pa zimenezi.

Lachiwiri ndi la chinenero. Ndondomeko imene inayamba mu 2014 inaika zinenero zathu kuti zikhale zophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4, ndipo kuno chinali Chinyanja. Koma manambala tinapitiriza kuwatchula m'Chingelezi, m'kalasi ndi kunyumba komwe. Kodi kubwerera ku "makumi asanu ndi ziwiri" kungathandize mwana kumva khumi, kapena kungamulemetse, popeza 78 m'chinenero chathu ndi makumi asanu ndi awiri, kudza zisanu ndi zitatu? Nanga mwana wa ku Lundazi amene kwawo amalankhula Chitumbuka, kapena wa ku Petauke wa Chinsenga, mawu oti amvetse nawo kumasula ndi ati?

Lachitatu ndi la mayeso. Mwana akapeza 24 mwa njira ya pamsika, osaonetsa kukhwatcha kulikonse, apatsidwe malikisi onse? Aphunzitsi ena amati inde, yankho ndi yankho. Ena amati phunziro la tsikulo linali kumasula, ndipo sangadziwe ngati mwanayo wakudziwa.

Ndipo pali funso limene ana okha ayamba kufunsa, poona kuti foni iliyonse ili ndi kakyuleta ndipo ndalama zambiri zikuyenda pa foni, popanda wosintha K10 kukhala makobiri. Ngati chenji chogwirika chikuchepa m'manja mwa anthu, ana a m'tsogolo adzakuona kuti kumasula asanakuone pa bolodi? Wanga anandifunsa mbali yake ya funsoli sabata yathayi, atakhoza samu zisanu ndi imodzi mwa khumi. Zinayi zimene analakwa zonse zinali ndi ziro pakati. "Atate, nanga foni ija imabwereka kwa ndani?"